i7 yakale kapena i5 ya m'badwo wotsatira? Yankho kwa aphunzitsi a ku Ntcheu

Aphunzitsi a pasekondale ina ku Ntcheu atumiza funso ili: "Ndakhala ndikusunga ndalama kuti ndigule laputopu yogwirapo kale ntchito. Pasitolo ina ku Limbe andionetsa ziwiri za mtengo wofanana. Yoyamba ili ndi Core i7-7500U, RAM ya 8 GB imene ogulitsa akuti ndi ya liwiro la 3200, komanso hadi disiki ya 1 TB. Yachiwiri ili ndi Core i5-8250U, RAM ya 8 GB ya 2400, ndi SSD ya 256 GB. Ogulitsawo akuti yoyamba ndiyo yamphamvu chifukwa 7 amaposa 5, ndipo 3200 amaposa 2400. Ine ndimalemba mayeso mu Word, kusunga malikisi mu Excel, kuphunzira pa Zoom, kugwiritsa ntchito SPSS pa kafukufuku wa digiri yanga, ndipo Loweruka ndimalumikiza mavidiyo a kwaya yathu. Nditenge iti? Nanga liwiro la RAM lili ndi ntchito yaikulu bwanji?"

Aphunzitsi, mwachita bwino kufunsa ndalama zikadali m'thumba. Ambiri amafika pabenchi yanga atagula kale, ndipo zimandipweteka kuuza munthu amene wadzimana miyezi isanu ndi umodzi kuti chimene wanyamulacho sichingasinthike. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tengani yachiwiriyo, ya i5-8250U, ndipo musakayike. Yoyambayo ikuposa mnzakeyo pa zinthu ziwiri zokha: malo osungira ndi aakulu, ndipo ikamagwira kantchito kamodzi kokha imathamangirapo pang'ono kwambiri, pang'ono poti simungamve n'komwe. Pa zina zonse yagonja. Sindikunena kuti ogulitsawo akukunamizani dala. Ambiri amangowerenga kasitika kamene kamatidwa pafupi ndi kiyibodi, n'kumanena zimene anamva kwa anzawo. Koma kasitikako sikanena zonse.

Tiyambe ndi kawerengedwe ka dzina la purosesa, chifukwa mukadziwa zimenezi palibe amene angakusokonezeninso. Dzina lakuti i5-8250U lili ndi magawo atatu. "i5" ndi gulu chabe, monga mmene banja limakhalira ndi wamkulu, wapakati ndi wamng'ono: i7, i5, i3. Nambala yoyamba pambuyo pa kamzere ndi m'badwo, ndipo apa ndi 8. Chilembo chakumapeto, U, chimanena kuchuluka kwa magetsi amene purosesayo inapangidwira kudya. Anthu amayang'ana gawo loyamba lokha, chonsecho mphamvu yeniyeni yabisala m'magawo awiri enawo. i7 imaposa i5 ngati zonse zili za m'badwo umodzi ndi chilembo chimodzi. Mibadwo ikasiyana, kuwerengera kumeneko sikugwiranso. Chenjezo laling'ono: kuyambira m'badwo wa 10 nambala za m'badwo zimakhala ziwiri. i5-10210U ndi ya m'badwo wa 10, i5-1135G7 ndi ya 11, i5-1235U ndi ya 12. Musawerenge 1 yekhayo n'kuganiza kuti ndi yachikalekale.

Tsono pakati pa m'badwo wa 7 ndi wa 8 ndi pamene panachitika kusintha kwakukulu kuposa kwina kulikonse m'zaka zimenezo. Kufikira m'badwo wa 7, mapurosesa onse a Intel a chilembo cha U anali ndi ma core awiri okha, ngakhale otchedwa i7. i7-7500U, imene inatuluka mu 2016, ili ndi awiri. Mu Ogasiti 2017 Intel inatulutsa m'badwo wa 8 n'kuwonjezera ma core kufika pa anayi mu i5 ndi i7 za gulu limeneli. i5-8250U ili ndi anayi. Ndiye "wamng'ono" wa 2017 ali ndi manja ochuluka kawiri kuposa "wamkulu" wa 2016, pomwe onse awiri amadya magetsi ofanana, mawati 15.

Core ndi chiyani? Taganizirani chigayo tsiku la msika. Core iliyonse ili ngati makina amodzi ogayira. Chigayo china chili ndi makina awiri, china anayi, ndipo makinawo amazungulira pa liwiro lofanana. Akabwera mayi mmodzi ndi ndowa imodzi ya mphale, konseko amuthandiza nthawi yofanana. Koma mzere ukatalika, kwa makina anayi anthu amapita kwawo dzuwa likadali m'mwamba. Ndipo kompyuta ya masiku ano sikhala ndi kasitomala mmodzi. Inu mukuona ngati mwangotsegula Zoom basi, koma kuseri Windows ikukoka zosintha zake, pulogalamu yoteteza ku mavairasi ikufufuza, Chrome yasunga masamba khumi, WhatsApp ikudikira mauthenga. Pa ma core awiri, mphunzitsi wanu pa Zoom akayamba kuonetsa zolemba zake inu mukulembanso manotsi mu Word, mawu amayamba kudukaduka, ndipo mumaganiza kuti ndi netiweki pomwe ndi purosesa imene yabanika. Pa mavidiyo a kwaya ndiye kusiyanako kumaonekeratu, chifukwa pulogalamu yolumikizira mavidiyo imagawira ntchito ma core onse amene alipo.

Mwina ogulitsawo akuonetsaninso nambala ina: i7-7500U yalembedwa 2.70 GHz pomwe i5-8250U yalembedwa 1.60 GHz. Nambala imeneyi imawopseza anthu ambiri. Limenelo ndi liwiro lapansi, limene purosesa imalonjeza kusatsika nalo ma core onse akamagwira ntchito yolemera kwa nthawi yaitali. Ntchito ikabwera mwadzidzidzi, monga kutsegula fayilo kapena kuwerengetsa masamu mu SPSS, purosesa imadzikweza yokha. i7 ija imafika 3.5 GHz, i5 ija imafika 3.4 GHz. Kusiyana kwake ndi kumeneko basi.  SPSS yokhayo isakudetseni nkhawa. Kafukufuku wa mayankho a anthu mazana angapo ndi katundu wopepuka kwa iliyonse mwa ziwirizi.

Pali chifukwa china chimene pachokha chikanakwanira kutseka nkhaniyi. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Windows 11, imene inatuluka mu 2021, imalandira mapurosesa a Intel kuyambira m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kupatulapo ochepa kwambiri a m'badwo wa 7, ndipo i7-7500U mulibe m'gulu la ochepawo. i5-8250U ilimo. Mukapeza Windows 11 pa laputopu ya m'badwo wa 7 pasitolo, dziwani kuti anaiika mozemba malamulo ake. Imayenda ndithu, koma Microsoft inanena poyera kuti silonjeza kupereka zosintha ku makompyuta oterowo. Inu mumasunga malikisi a ana a anthu ndi kafukufuku wa zaka ziwiri. Sindingakondwe kuti zimenezo zikhale pa makina amene chitetezo chake chikhoza kuima tsiku lililonse.

Chilembo cha U ndi chokukomerani inuyo. Mapurosesa a H, monga i5-8300H kapena i7-8750H, anapangidwira mawati 45. Ndi amphamvu zedi, ndipo munthu amene ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi kukonza mavidiyo a maukwati kapena kujambula mapulani a nyumba amafunika amenewo. Koma amamaliza batire msanga, amatentha, chaja yake ndi yolemera ngati njerwa, ndipo magetsi akazima madzulo mukulemba mayeso a Fomu 4 mudzalakalaka U. Ngati kunyumba mumadalira sola ndi kainiveta kakang'ono, chaja ya mawati 45 kapena 65 ya laputopu ya U ndiyo imene ingapirire. Vidiyo ya kwaya yojambulidwa pa foni, ya mphindi khumi, kamodzi pa sabata, i5-8250U iikwanitsa. Ingodekhani pamene ikutulutsa fayilo yomaliza.

Pa nkhani ya kutentha ndiimepo pang'ono, chifukwa ndi imene imadya mphamvu ya malaputopu ambiri kuno kwathu popanda eni ake kudziwa. Purosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse. Mwezi wa Okutobala wina anandibweretsera laputopu ya i7 yabwinobwino, mwini wake akudandaula kuti yafooka ndipo akufuna kugula RAM yothamanga. Nditatsegula kunsi, pakati pa fani ndi timapepala tachitsulo totulutsira kutentha panali chinthu chonga kachigamba ka bulangete: fumbi, ubweya wa nsalu ndi tsitsi, zopanikizana mpaka kuchita kutoleka ndi zala ngati chinthu chimodzi. Mafuta oziziritsa apamwamba pa purosesa anali atauma n'kumanyenyeka ngati dothi. Ndinachotsa fumbilo, ndinapaka mafuta atsopano, ndipo makinawo anabwerera mwakale popanda kugula kalikonse. Inu muli m'kalasi mwa choko, ndipo msewu wa kusukulu mwina ndi wafumbi. Laputopu iliyonse imene mugule, muziipititsa kokapukutitsa m'kati kamodzi pa chaka, ndipo musamaiike pa matiresi kapena pa pilo pamene ikugwira ntchito, chifukwa imapumira kunsi.

Tsopano tibwere ku RAM, kumene kuli theka lachiwiri la funso lanu. Pa RAM pali mafunso atatu, ndipo amafunsidwa motsatana: ndi yochuluka bwanji, ikuyenda pa njira zingati, kenako liwiro. Ogulitsa amayamba ndi lomaliza chifukwa ndi limene lili ndi nambala yaikulu yokoma kutchula.

RAM ili ngati tebulo limene mumachongerapo mayeso, ndipo disiki ili ngati kabati ya muofesi ya ahedi. Tebulo likakhala lalikulu, mapepala a makalasi onse atatu, buku la malikisi ndi chikalata cha mayankho zonse zimakhala pamaso panu. Likakhala laling'ono, mumanyamuka pafupipafupi kukabweza mulu wina kukabati kuti mutenge wina. Windows imachita chimodzimodzi. RAM ikadzaza, imayamba kusunthira zinthu ku disiki n'kumazitenganso, ndipo ngakhale SSD yabwino, disiki yopanda chozungulira, imachedwa kutalitali poyerekeza ndi RAM. Pamenepo ndi pamene kompyuta imaima njii, kamuvi kakungozungulira. Liwiro la RAM silingakupulumutseni pa vuto limeneli. RAM ya 8 GB yothamanga kwambiri imene yadzaza imagonja kwa RAM ya 16 GB yapang'onopang'ono imene ikadali ndi malo. Microsoft imati Windows 11 imafuna 4 GB, koma kumeneko ndi kungoyaka chabe. Pa 8 GB mugwira ntchito, bola muzitseka masamba a Chrome amene simukuwawerenga. Pa 16 GB mudzaiwala zoti RAM ilipo, ndipo kwa inu amene mumatsegula Zoom, Word ndi SPSS nthawi imodzi, ndiko kumene ndikufuna mufike.

Nanga 3200 ija? Apa mvetserani bwino, chifukwa nkhani yake ndi yotembenuka. Liwiro limene RAM imayendera silisankhidwa ndi nambala yolembedwa pa kathabwa kake kokha. Purosesa ndiyo imaika malire. i7-7500U imayendetsa RAM ya mtundu wa DDR4 pa 2133 basi, osapitirira. i5-8250U imafika 2400. Kathabwa ka 3200 kakalowa mu laputopu ya i7 ija kamadzitsitsa n'kumayenda pa 2133. Ndiye kuti laputopu imene akuitama kuti ili ndi RAM ya 3200 ndiyo imene RAM yake ikuyenda pang'onopang'ono pa ziwirizo. Musatenge mawu anga okha. Pasitolopo dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, Task Manager itseguka. Pitani pa Performance, kenako Memory. Kumunsi kudzanja lamanja muona mawu akuti Speed, ndipo nambala imene ili pamenepo ndiyo yoona. Pansi pake pali Slots used, ndipo kamzere kameneko n'kofunika kuposa koyambako.

Mapurosesa amenewa ali ndi njira ziwiri zolankhulirana ndi RAM. Mukaika kathabwa kamodzi, njira imodzi yokha ndiyo imagwira ntchito, inayo ili chitsekere. Mukaika tiwiri, zonse zimatseguka. Inu mukudziwa mmene ana amatulukira belu la bureki likalira: kuwauza kuti afulumire kumathandiza pang'ono, koma kutsegula khomo lachiwiri ndiko kumathetsa mpanipani. Masamu ake ndi osavuta. Pa ulendo uliwonse njira imodzi imanyamula ma byte 8. Kathabwa ka 2400 kamapanga maulendo 2400 miliyoni pa sekondi, ndiye 2400 kuchulukitsa ndi 8 ndi pafupifupi 19.2 GB pa sekondi. Ka 3200, katapatsidwa mpata woyenda pa liwiro lake lonse, kamafika 25.6 GB. Koma timatabwa tiwiri ta 2400 timafika 38.4 GB. Tiwiri tapang'onopang'ono taposa kamodzi kothamanga, ndipo taposa ndi patali. Laputopu ya i7 ija, ngati ili ndi kathabwa kamodzi pa 2133, ili pa 17 GB.

Palinso chifukwa chimene kuchoka pa 2400 kupita pa 3200 sikumvekera mu Word kapena mu Excel. Purosesa ikapempha kanthu ku RAM, pamadutsa kanthawi yankho loyamba lisanafike. Kanthawi kameneka amakalemba ndi zilembo za CL. Kathabwa wamba ka 2400 kamakhala CL17, ka 3200 kamakhala CL22. Mukawerengetsa bwino, koyambako kamayankha pakatha ma nanosekondi pafupifupi 14.2 (sekondi imodzi ili ndi ma nanosekondi biliyoni imodzi), kachiwiriko pakatha 13.75. N'chimodzimodzi. Ngakhale DDR5 ya 4800, imene imakhala CL40, imatenga pafupifupi 16.7. Msewu umakula m'lifupi, koma mtunda wake sufupika. Mapulogalamu a muofesi amapempha tinthu ting'onoting'ono kambirimbiri, ndipo zambiri amazipeza m'kankhokwe kakang'ono ka m'kati mwa purosesa momwemo. Sadzaza msewu n'komwe, choncho kuukuza sikuwasinthira kanthu kooneka ndi maso.

Kumene liwiro ndi njira ziwiri zimaonetsa mphamvu yake ndi pa zithunzi. Malaputopu ambiri okhala ndi mapurosesa amenewa alibe kadi yapadera ya zithunzi. Gawo lojambula zimene mukuona pa sikirini lili m'kati mwa purosesa, ndipo lilibe memori yakeyake, limabwereka ku RAM yomweyo. Gawo limeneli ndi limene limamwa zinthu zochuluka nthawi imodzi. Ndiye mukamayendetsa vidiyo uku ndi uku mu pulogalamu yolumikizira, kapena mwana wanu akamasewera masewera a mpira, kathabwa kachiwiri kamasintha zinthu moti mumachita kuona. Intel yomwe imavomereza zimenezi: pa mapurosesa a m'badwo wa 11 monga i5-1135G7, imanena kuti dzina lakuti Iris Xe ligwiritsidwe ntchito pokhapokha RAM ikuyenda pa njira ziwiri, apo ayi gawolo lizitchedwa UHD. Mapurosesa a AMD Ryzen nawo amaikonda kwambiri RAM ya njira ziwiri pa chifukwa chomwechi.

Kanthu kena kakang'ono kuti musadzadabwe. Mukadzatsegula pulogalamu yaulere ya CPU-Z, RAM ya 2400 idzaoneka ngati 1200 MHz, ya 3200 ngati 1600. Sanakubereni. DDR imatumiza kawiri pa kugunda kumodzi kwa wotchi yake, choncho nambala imene timaitchula pamsika ndi ya maulendo, imene amailemba MT/s, ndipo CPU-Z imaonetsa kugunda kwa wotchiko.

Pogula kathabwa kachiwiri, yang'anani kapepala komatidwa pamwamba pake. PC4-2400T ndi DDR4 ya 2400, PC4-2666V ndi ya 2666, PC4-3200AA ndi ya 3200. Kakhale kakafupi ka laputopu, kamene amakatcha SO-DIMM, osati kakatali ka kompyuta ya patebulo. DDR3L, DDR4 ndi DDR5 sizilowana. Ka DDR3L kali ndi mano 204, ka DDR4 260, ka DDR5 262, ndipo kampata kapakati pa manowo kali pamalo osiyana. Kakakana kulowa musakakakamize, ndaonapo mipata yothyoka chifukwa cha zimenezi. Kukula kufanane ndi kamene kalimo kale, 8 ndi 8. Liwiro likasiyana palibe vuto lalikulu, tonse tiyenda pa liwiro la kochedwako. Mukapeza ka 3200 pa mtengo wofanana ndi ka 2400 kapena wotsikirapo, tengani, kawirikawiri kamangodzitsitsa bwinobwino. Koma musawonjezere ndalama chifukwa cha nambalayo, ndipo musakopeke ndi timatabwa ta anthu a masewera tolembedwa XMP. Malaputopu ambiri a muofesi salola makonzedwe amenewo, ndiye mungolipira liwiro limene simudzaliona. Ngati muika nokha, zimitsani makina, chotsani chaja, lumulani batire, ndipo gwirani kaye chitsulo musanagwire kathabwako, makamaka m'miyezi youma ya Juni ndi Julayi pamene thupi limasunga timagetsi tija timathetheka mukavula juzi.

Zonsezi zikudalira chinthu chimodzi chimene simunanditchulire: mtundu weniweni wa laputopu yachiwiriyo. Si zonse zili ndi mipata iwiri. Lenovo ThinkPad T480 ili ndi iwiri. HP EliteBook 840 G5 ili ndi iwiri. Dell Latitude 5490 ilinso ndi iwiri, koma Latitude 7490 ili ndi umodzi. ThinkPad T480s ili ndi RAM ina yowotcherera pa bolodi ndi mpata umodzi wowonjezera. ThinkPad X1 Carbon ya nthawi imeneyo RAM yake yonse ndi yowotcherera, ndipo imene mwagula nayo ndi yomweyo mpaka kalekale. Malaputopu opyapyala ambiri ali choncho, ndipo mukaona mawu akuti LPDDR dziwani kuti pafupifupi nthawi zonse ndi yowotcherera. Task Manager ikaonetsa "1 of 2" ndi chizindikiro chabwino, koma nthawi zina imanena mipata imene kulibe. Apempheni atsegule kunsi muone ndi maso anu.

Pali chinthu chimene simunafunse koma ndi chimene mudzachimva tsiku lililonse kuposa purosesa ndi RAM: disiki. Hadi disiki ya laputopu ili ndi mbale yozungulira maulendo 5400 pa mphindi ndi kasingano kowerenga, ndipo zikayenda bwino imawerenga pafupifupi 100 MB pa sekondi. SSD wamba imafika 500 MB, ya NVMe imapitirira kangapo, ndipo pa timafayilo ting'onoting'ono tobalalika, timene Windows imadalira poyaka, kusiyanako ndi kwakukulu koposa pamenepo. Laputopu ya hadi disiki mumaiyatsa n'kukaika madzi pamoto. Ya SSD mumaiyatsa n'kuyamba ntchito. Ndiponso inu muziyenda nayo pa minibasi ndi pa kabaza. Mbale yozungulira ndi kasingano sizigwirizana ndi mabampu, pomwe SSD ilibe chozungulira chilichonse. N'zoona 256 GB idzachepa mavidiyo akachuluka. Mudzagule hadi disiki yapadera yolumikiza pa USB, muzisungamo mavidiyo omalizidwa ndi kope lachiwiri la kafukufuku wanu, n'kumaisiya kunyumba.

Tsiku lokagula mupite ndi nthawi yokwanira, kuona maso a nkhono n'kudekha. Dzina la purosesa mulione mu Settings, pa System, pa About, osati pa kasitika, pakuti kasitika kamamatuka n'kumatidwa pena. Batire muiyeze: tsegulani Command Prompt, lembani powercfg /batteryreport, ndipo mufayilo imene ituluke yerekezani Design capacity ndi Full charge capacity. Yachiwiriyo ikakhala pafupi ndi theka la yoyamba, batireyo yatopa, ndipo mtengo utsike. Makina a 2017 kapena 2018 agwira ntchito zaka zambiri, choncho batire yotopa si chodabwitsa, koma mudziwiretu musanalipire. Tsegulani vidiyo, Word, Excel ndi masamba khumi a intaneti, muisiye choncho mphindi 20. Mvetserani fani ngati ikukhuluza, gwirani kunsi ngati kukuwotcha dzanja. Lowani mu BIOS, makonzedwe a makina amene amatsegulidwa Windows isanayake, muone ngati mulibe pasiwedi ya kampani imene inkaigwiritsa ntchito kunja. Dinani mabatani onse, yesani kamera ndi maikolofoni popeza Zoom imadalira zimenezo.

Mwina pasitolo pomwepo, kapena pa ina yoyandikana nayo, muona laputopu yatsopano ya m'katoni, yonyezimira, pa mtengo wosasiyana kwambiri ndi umenewu. Mtima umakopeka, chifukwa chatsopano ndi chatsopano. Werengani dzina la purosesa. Likakhala Celeron N4020 kapena lofanana nalo, ndi RAM ya 4 GB ndi malo osungira a 64 GB olembedwa eMMC, bwezani pashelefu. Ndi chikomekome cha mkuyu. N4020 ili ndi ma core awiri ofooka, RAM yake nthawi zambiri ndi yowotcherera, ndipo 64 GB imadzaza ndi Windows yokha pakangopita miyezi. Mtsikana wina wa kukoleji anabwera ndi yotere makolo ake atagulitsa mbewu kuti amugulire. Anandipempha kuti ndiwonjezere RAM. Nditatsegula munalibe mpata ngakhale umodzi, ndipo ndinasowa mawu omuuza. ThinkPad yakale yokandika pakona ikanamutumikira bwino kuposa imeneyo.

Ngati mungathe kudikira mwezi wina kapena iwiri n'kuwonjezerapo ndalama, pali masitepe okwera. i5-1135G7 ili ndi ma core anayi amphamvu kwambiri kuposa a m'badwo wa 8, gawo la zithunzi labwino, ndipo imayendetsa DDR4 pa 3200 yeniyeni. Ryzen 5 5500U ya AMD ili ndi ma core 6 ndipo mavidiyo imawatafuna bwino. i5-1235U ili ndi 10, awiri amphamvu ndi 8 osunga magetsi. Pa AMD muchenjere ndi mayina a gulu la 7000: nambala yachitatu ndiyo imanena kapangidwe ka m'kati. Ryzen 5 7520U ili ndi 2 pamenepo, kutanthauza kapangidwe kakale ka Zen 2, ma core anayi okha ndi RAM yowotcherera, pomwe 7530U ndi Zen 3 ya ma core 6. Koma ngati ndalama zimene muli nazo ndi zomwezo ndipo temu yayandikira, simukulakwitsa kutenga i5-8250U.

Mukapita ku Limbe, kambiranani za mtengo wa laputopu yachiwiriyo pamodzi ndi kathabwa kena ka 8 GB, chifukwa ogulitsa ambiri amakhala nato tochotsedwa m'makina ena ndipo amatsitsa mtengo ukagula zonse pamodzi. Akaike inu mukuona. Ikayaka, tsegulani Task Manager muone 16 GB, 2400, ndi "2 of 2". Kenako lembani mdsched pa malo ofufuzira a Windows, mulole makinawo ayambenso n'kuyeza RAM yonse. Zimatenga mphindi zingapo, ndipo mukhale pomwepo mpaka zithe. Ikapanda kupeza vuto, lipirani, ndipo palisiti alembepo nambala ya makinawo ndi masiku amene angakusinthireni ikavuta.